Makalata Opita kwa Apongozi Anga

Ana inu, mundikhululukire kuti ndagwira cholembera, ine munthu amene sukulu ndinalekezera giredi 4. Kulemba nkhani ndi ntchito ya anthu ophunzira, ndipo ndikudziwa kuti mukaona zilembo zanga zopendama ngati chimanga chogonetsedwa ndi mphepo mudzayamba kutsinana pansi pa tebulo. Sekani, koma mukasekere kuseri kwa nyumba. Sindikanalemba ayi, koma sukulu mwatsekeranso, ndipo dzulo posesa ndapeza mabuku anu pansi pa bedi pamodzi ndi nsapato zakutha. Komanso ndamumva mkulu wanu Luyando akukunamizani kuti iye anabadwa akudziwa kale kuwerenga. Luyando, ukafika pamzere uno usatseke bukuli. Ndinalipo ine.

Ine ndinaphunzira kumudzi kwathu ku Chadiza, m'kalasi lofolera udzu. Chaka choyamba tinkalemba pamchenga ndi chala, aliyense atasalaza kamunda kake ndi chikhatho. Nkhuku ikadutsa, ntchito yonse yatha. Chaka chachiwiri anatipatsa masileti, timiyala takuda topyapyala tokhala ndi thabwa m'mbali, ndipo tinkafufuta ndi malovu ndi chigongono. Buku linali la aphunzitsi okha. Iwo akawerenga mzere, ife tonse tinkabwereza mokweza ngati achule a kudambo, mpaka amayi odutsa ndi mitsuko ankaloweza nafe limodzi. Ine ndinali wamanyazi kwambiri. Ndinkakhala kumbuyo kwa mtsikana wina wamtali n'kumangogwedeza milomo, kupemphera kuti chala cha aphunzitsi chisandipeze.

Holide ya Disembala kwa ife inali khasu. Kubzala, kupalira, kuzula bowa m'mamawa, kugwira inswa mvula ikakata. Zinali zokoma, sindikana. Inswa zokazinga paphale, zopanda dontho la mafuta, kungowaza kamchere, inu a mabisiketi simudzazidziwa. Koma pofika Januwale m'mutu munkakhala mutayera. Aphunzitsi ankati mvula yatsuka ndi zilembo zomwe, ndipo tinkayambiranso pamchenga.

Ku Kafue kuno ndinabwera nditangokwatiwa ndi malemu ambuya anu aamuna, amene ankagwira ntchito yolumikiza mabogi pasiteshoni ya sitima. Ulendo umene inu mumayenda tsiku limodzi mukudandaula kuti foni yatha moto, ife tinauyenda masiku awiri. Ndinali ndi mtolo wa zovala, mphasa, ndi nkhuku yamoyo imene amayi anga anandikakamiza kunyamula poganiza kuti kutauni kulibe nkhuku. Pofika ku Lusaka fumbi linali litandisandutsa wofiira, ndipo sitima itakuwa koyamba ndinagwetsa mtolo n'kuthawa. Nkhukuyo inafika ku Kafue ili ndi mtima wolimba kuposa ine.

Ambuya anu atamwalira, ndinasamukira ku Estates, dera lina la ku Kafue konkuno, kwa mwana wanga Esnart, amayi ake a Luyando. Apa ndiye panabuka vuto limene inu ana a tauni simungalimvetse ndikapanda kulifotokoza. Kwathu mkazi salankhula maso ndi maso ndi mwamuna wa mwana wake. Ameneyo ndi mpongozi. Sudya naye pamodzi, sukhala naye chipinda chimodzi, ndipo ukamuona akubwera m'njira umapatukira kutchire ngakhale kuli minga. Si chidani ayi, ndi ulemu. Ukafuna kumuuza kanthu, umatuma mwana.

Koma atate ake a Luyando anakulira m'tauni, bambo awo Mtonga, mayi awo Mbemba, ndipo tchalitchi chawo ndi chija amakumbatirana ndi aliyense pakhomo. M'mawa woyamba anandipeza kukhitchini atatambasula manja onse awiri, akuti, "Amai, mwauka bwanji?" Ine ndinathawira kuseri kwa chitseko ndi mthiko m'manja, ndipo ndinakhala komweko mpaka phala linapserera. Esnart anaseka mpaka kukhala pansi. Koma bamboyo ndi munthu wabwino. Esnart atawafotokozera mwambowo anati ngati ndi umene ukondweretsa amai, autsata. Kuyambira pamenepo ankatsokomola asanalowe m'nyumba kuti ndipeze mpata wochoka, ndipo Luyando atangoyamba kulankhula, mawu athu onse ankanyamula ndi iye. Kuchokera kukhitchini kufika pabalaza ndi mapazi khumi okha, koma mwanayo anayenda kamtunda kameneko kambirimbiri kuposa minibasi ya ku Lusaka.

Chaka chimene Luyando anamaliza giredi 2, aphunzitsi ake anaitana makolo tsiku lotsekera. Anati mwana ndi wochenjera, pakamwa ndiye posakamba, koma kuwerenga kukumuvuta. Zochepa zimene anagwira temu yachiwiri anaziiwala pa holide ya Ogasiti, ndipo akakhalanso milungu isanu osaona chilembo, adzabwera mu Januwale wopanda kanthu. Anapereka kabuku kakang'ono ka nkhani ya mayi wogulitsa tomato kuti azikawerenga kunyumba.

Madzulo ake ndinamva Esnart ndi amuna ake akukambirana pabalaza. Makoma a ku Estates sasunga chinsinsi. Apongozi anga anati alongo awo, a Mutinta, amene ndi aphunzitsi ku Lusaka, avomera kumutenga mwanayo kuti azikakhala nawo ndi kuphunzira komweko. Luyando ankagona nane bedi limodzi kuyambira ali ndi zaka zitatu, ndipo ku Lusaka mwana akapita amabwera pa Khirisimasi pokha, atatalika, akukupatsa moni ngati mlendo. Sindidziwa kumene kulimba mtima kunachokera. Ndinamuitana Luyando n'kumutuma kuti akauze atate ake andipatseko holide imeneyi, ndimuphunzitse ndine.

Kenako Luyando anabwera ndi yankho. Atate ake anavomera, koma anati a Mutinta adzabwera Loweruka lomaliza sukulu isanatsegulidwe, ndi buku lawolawo. Mwana akadzawerenga, adzatsala. Akadzalephera, adzakwera nawo minibasi tsiku lomwelo.

Patapita masiku atatu Esnart ananyamuka kupita ku Chadiza kukabzala chimanga m'munda wathu, monga amachitira chaka ndi chaka chiyambire mawondo anga kukana khasu. M'nyumba tinatsala atatu: ine, apongozi anga amene ankapita kuntchito ku Lusaka m'mamawa n'kubwera dzuwa likulowa, ndi mwana wathu wamkhalapakati.

Ndinayamba ntchito mmene ndinkaidziwira. Tikatha kutsuka mbale tinkakhala pakhonde, ine n'kuwerenga mzere, iye n'kubwereza. Mzere wina, n'kubwereza. Sabata isanathe Luyando ankawerenga kabuku konse kuyambira pachikuto mpaka kumapeto, osapunthwa, mawu ali pamwamba ngati wolengeza pawailesi. Ndinadzimva ngati hedimasitala. Ndinamutuma kuti akawerengere atate ake, ndipo ndili kukhitchini ndinamva akuomba m'manja n'kunena aleluya. Tsiku limenelo ndiwo ndinathira mafuta ambiri.

Lolemba lotsatira kabuku kaja kanagwera m'beseni la zochapa. Ndinakayanika pambali pa mbaula, ndipo katauma masamba awiri apakati anamatirirana. Sindinazindikire. Luyando anayamba kuwerenga monga mwa masiku onse, ndipo atatembenuza tsamba anatembenuza awiriwo pamodzi. Maso ake anali pachithunzi cha mayi uja akubwerera kunyumba ndi dengu lopanda kanthu, chala chikuyenda bwinobwino pansi pa mizere, koma pakamwa pankatuluka nkhani ya mayi akukangana ndi wogula pamsika, ya patsamba lomatika lija. Anamaliza yonse osaphonya liwu.

Ndinaloza mawu amodzi pakati pa tsamba. "Apa palembedwa chiyani?"

Anayang'ana kudenga. "Ambuya, muyambe imwe, ine nizakonkha."

Pamenepo ndinadziona ndekha kumbuyo kwa mtsikana wamtali uja. Mwanayo sankawerenga. Ankaimba, ndipo nyimboyo ndinamuphunzitsa ndine.

Tsopano panafunika kuwauza apongozi, amene anali atayamika kale Mulungu chifukwa cha bodza. Mudzafunsa kuti bwanji sindinawaimbire foni. Kuimba foni ndi kulankhula komwe, ndipo polemba uthenga timabatani ta kafoni kanga sitigwirizana ndi zala zanga. Esnart ndinamuimbira, koma anangoti, "Munalonjeza nokha amama, kauzeni nokha, ine ndili m'mizere." Choncho madzulo nditamva chifuwa chija pakhomo, ndinachita zimene ndinkachita nthawi zonse. Ndinati, "Luyando, kauze atate ako kuti ambuya apepesa. Sunayambe kuwerenga, wangoloweza."

Anapita mosavuta, mpaka ndinadabwa. Ndinasendera kuseri kwa chitseko kuti ndimve mmene alandirire.

"Dadi, ambuya bakamba ati nabelenga bwino maningi lelo. Ati mailo munigulileko mabisiketi."

"Eya, ni zabwino izo. Ubauze ambuya ati zikomo, Mulungu abadalise."

Ana inu, ndinaima pamenepo pakamwa pali pululu. Ndinafuna kutsutsa, koma ndikanafuula bwanji kwa apongozi? Luyando anabwera akudumphadumpha n'kunena kuti atate ake amva ndipo sanakwiye. Ndinayamba kuganiza za mauthenga onse amene ndinamutuma zaka zonsezo.

M'mawa ndinang'amba tsamba la kalendala yakale, ndinabwereka pensulo m'chikwama cha Luyando yemweyo, ndipo ndinakhala pampando pafupifupi ola lathunthu. Dzanja linali litaiwala njira. Ndinalemba kuti: "Kwa apongozi anga. Pepani kuti ndalemba. Mwana sakuwerenga, akuimba. Wolakwa ndine, ndinamuphunzitsa mmene anandiphunzitsira ine. Ndiponso za mabisiketi sindinanene ine. Ndine amake Esnart."

Madzulo ndinaipinda kanayi n'kumupatsa. Anaitembenuzatembenuza.

"Nichani ichi?"

"Kalata. Kapereke."

"Nanga sininga kambe chabe na pakamwa?"

"Pakamwa pako papume kaye, patopa."

Pabalaza panamveka phokoso la pepala, kenako apongozi anga anaseka mpaka kutsamwa. Yankho linabwera kuseri kwa pepala lomwelo: "Amai, namvela. Musazipase mulandu. Koma tsiku la ba Mutinta silisintha. Nifunseko, ka ambulela ka pinki ka mwezi watha, munakamba ndimwe?" Ndinalemba liwu limodzi lokha, "Ayi," ndipo kusekako kunayambiranso.

Kuyambira tsiku limenelo zonse zinkapita pa pepala. Ndiwo zakupsa, pa pepala. Makala atha, pa pepala. Luyando anakwiya ngati mfumu yolandidwa mpando. Ankandiuza kuti mapepala adzatha, kuti pensulo ndi yake, kuti mwendo ukumupweteka. Ine mtima sunali m'malo, chifukwa njira yanga yophunzitsira inali itagwa ndipo ina ndinalibe. Kabuku ka tomato sakanathanso kuphunzirapo, popeza kanali kale m'mutu mwake. Masiku ankapita.

Kenako ndinaona kuti mapazi khumi aja ayamba kutalika. Ndikamutuma, pankapita nthawi yaitali ndisanamve pepala likutsegulidwa pabalaza. Tsiku lina ndinamutsatira mwakachetechete. Ndinamupeza atanjuta kuseri kwa diramu la madzi limene limakhala m'kanjira ka pakati, kalata ataitambasula pabondo, nkhope itakwinyika. Sanathawe ngakhale kubisa. Analoza ndi chala.

"Apa ni zina langa. Nalizindikila. Mwakamba chani pali ine?"

"Nkhani za akuluakulu."

"Ambuya, niuzeniko chabe."

"Zili pamenepo. Werenga."

Ndinabwerera kukhitchini ndikumwetulira, chifukwa ndinakumbuka chimene chinanditsegula ine m'mutu, ndipo sichinali sukulu. Ambuya anu aamuna atanditomera n'kubwera kuno kudzagwira ntchito, ananditumizira kalata. Kumudzi kwathu makalata ankawerengera anthu ndi msuweni wanga wina wa giredi 7, koma ameneyo ukamupatsa kalata m'mawa, pofika masana ngakhale mbuzi zinkadziwa zimene zalembedwa. Ine ndi manyazi anga ndinaitsomeka kudenga. Tsiku lililonse ndinkapita nayo kudimba pamodzi ndi buku la nyimbo la amayi anga, n'kumafananiza zilembo za m'kalata ndi za nyimbo zimene ndinkazidziwa pamtima. Zinanditengera milungu itatu. Ndinkayembekezera mawu okoma, a usiku sindigona poganiza za iwe. Munthuyo ankafunsa kukula kwa phazi langa kuti andigulire nsapato. Koma nditamaliza kalata imeneyo, palibe mvula imene inatsukanso zilembo m'mutu mwanga.

Tsiku lotsatira Luyando anabwera yekha ndikusenda mbatata. Sananene kuti akufuna kuphunzira, ulemu wake sukanalola. Anangojambula chilembo pansi ndi chala n'kufunsa ngati munthu wongocheza kuti, "Aka kali monga mupando, kakamba ati chani?" Ndinamutengera kuseri kwa nyumba kumene mvula inasiya dothi lofewa, ndinasalaza ndi chikhatho, ndipo ndinathyola kamtengo. Nthawi iyi sindinamuyambire mzere uliwonse. Ankabweretsa yekha zilembo zimene waba m'makalata, ine n'kumuonetsa mmene ziwiri zimagwiranira kuti zitulutse liwu, ndi mmene mawu aatali amadulidwira timagawo ngati nzimbe. Akafunsa kuti kalata yadzulo inkati chiyani, ndinkati ndaiwala.

Ndinawalembera apongozi zimene ndaona, kalata imeneyo m'zilembo zing'onozing'ono zothinana kuti wakuba asathe. Iwo anamva msanga. Madzulo otsatira kunabwera pepala la zilembo zikuluzikulu ngati za pachikwangwani: "AMAI, MANGO ALI PANSI PA BEDI YANGA. LUYANDO ASADYE." Inali nthawi ya mango, ndipo anali atasankha awiri aakulu ofiira pamsika. Luyando anakhala nayo kalatayo kuseri kwa diramu mpaka ndinaganiza kuti wagona. Mangowo anakhala pansi pa bedi masiku anayi, mpaka fungo linatiuza kuti yakwana nthawi yowataya. Ndinamva chisoni, ndi mango ndi mwana yemwe.

Sabata yotsatira apongozi anayesanso, malo ena. "MANGO ALI MU POTO WAMKULU." M'mawa ndinavundukula poto. Munalibe kanthu. Luyando anali pakhonde atakhala mwaulemu ngati mlendo wa abusa.

"Luyando, mango a atate ako waona?"

"Mango? Awe, sininaone."

"Nanga ulusi uwo uli m'manomo wasoka chiyani?"

Anatseka pakamwa ndi manja onse awiri. Ine sindinadziwe chochita. Kumukalipira sindikanatha, kumuyamika sindikanatha, poti mwana woleredwa bwino sawerenga makalata a eni. Ndinalowa kukhitchini n'kuvina pang'ono ndekha, mawondo akulira. Madzulo ndinalemba kuti: "Apongozi, m'nyumba muno mwalowa mbava. Tiyamike Mulungu."

Zitatero makalata anachuluka, ndipo tinkawatalikitsa pang'onopang'ono. Diresi la Khirisimasi analipeza yekha pamwamba pa kabati kutatsala masiku awiri, ndipo anayenera kunamizira kudabwa patsikulo. Apongozi ankalemba ena ali m'minibasi, pepala pabondo, moti mzere unkadumpha paliponse pamene tayala lagwera m'dzenje, koma mbava yathu inkawatha. Nanenso ndinapindula. Ndinadziwa apongozi anga m'mwezi umodzi kuposa zaka zonse zimene ndinakhala m'nyumba mwawo. Ndinadziwa kuti delele salikonda ngakhale pang'ono, ndipo ankangodya mwaulemu. Ine ndinkaphika kawiri pasabata chifukwa mthenga wathu anandiuza kalekale kuti atate ake amalifuna. Mukudziwa nokha amene amakonda delele m'nyumba muno.

Tikapita kumsika ndinkanamizira kuti maso andivuta. Inali nthawi imene mtsinje umatsekedwa kuti nsomba ziswane, choncho tinkazungulira kufunafuna nyemba ndi chibwabwa, ndipo ine pena paliponse ndinkaima. Sitolo iyi alemba chiyani? Minibasi iyo ikupita kuti? Tsiku lina anaima pakati pa njira mpaka wanjinga anatiimbira belu, iye akudula timagawo liwu lalitali la pagalasi la minibasi. Atalitulutsa kuti Chanyanya, kondakitala anamva n'kutithamangira kuti tikwere. Tinafikanso kusiteshoni, ndinamuonetsa pamene ambuya ake ankaima ndi mbendera, koma iye maso anali pa zolembedwa m'mbali mwa mabogi.

Musaganize kuti zonse zinayenda ngati madzi. Sabata ya Chaka Chatsopano anabwerera m'mbuyo. Zilembo zimene ankazidziwa Lachiwiri, Lachinayi ankazisokoneza, ndipo tsiku lina anaponya kamtengo kuja n'kulira kuti mutu wake ndi woipa. Ndinamukazingira chimanga chachiwisi chimene mnansi anatipatsa, ndipo tsiku limenelo sitinagwire dothi. Kuwerenga kwake kunali kwa pang'onopang'ono, kwa chala ndi milomo. Ngati kukanakwana pamaso pa a Mutinta, sindinkadziwa.

Loweruka lija a Mutinta anafika cha m'ma 10 koloko, ndi magalasi pamphuno ndi chikwama chachikulu chakuda. Anabwera kaye kukhitchini kudzandipatsa moni atagwada, munthu waulemu ndithu, koma mawu awo ndi aja a munthu amene wazolowera kuti akalankhula ana makumi asanu akhale chete. Kenako anakakhala pabalaza ndi alongo awo. Ine malo anga munawadziwa kale, kuseri kwa chitseko.

Ndinamva zipi ya chikwama, kenako buku likutsegulidwa.

"Bwela apa, mami. Imilila mushe. Manja kumbali. Yamba apa."

Chete.

"Yamba, nikumvela."

Chete. Ndinkamva ngakhale wotchi ya pakhoma. Apongozi anayesa kunyengerera kuti, "Luyando, belenga monga mwamene uchitila ku diramu," koma zimenezo zinangoonjezera, poti mwanayo sankadziwa kuti atate ake akudziwa za diramu. Ndinasuzumira pampata wa chitseko. Anali ataima chilili, maso pansi, milomo ikugwedezeka popanda mawu. Matenda amenewo ndinawadziwa, ndi a kumtundu kwathu. A Mutinta anatembenuza tsamba, anayesa lina losavuta, anadikira. Sanakalipe. Pomaliza anatseka buku n'kulankhula kwa atate ake a mwanayo.

"Bashi Luyando, mwaona mweka. Ambuya bayesa, koma mwana afunika thandizo. Mulongeleni vovala, tizayenda na ya 3 koloko."

Luyando anathamangira kukhitchini n'kubisa nkhope m'chitenje changa. Kulowa pabalaza sindikanatha, apongozi anali momwemo, ndipo mawu omaliza anali awo. Ndinatenga pepala ndi pensulo pamwamba pa kabati n'kulemba mothamanga, osaganizanso za zilembo zikuluzikulu, m'kalembedwe kanga kopendama komweka. Ndinalemba kuti: "Apongozi, pepani. Mwana akudziwa, koma wagwidwa ndi manyazi, ndipo manyaziwo watengera kwa ine. Musamupereke. N'zoona kuti amachita mkonono ndiponso amandiponda m'nthiti kutulo, koma ndinazolowera. Akapita, m'nyumba muno ndidzalankhula ndi ndani?"

Ndinamupukuta mamina ndi nsonga ya chitenje n'kumupatsa. "Kapereke. Usaime panjira."

Anaima panjira. Ndinamva kufwenthera kuseri kwa diramu, kenako kunaleka. Panapita nthawi. A Mutinta anali atayamba kale kufotokoza za yunifolomu ya sukulu ya kwawo pamene mapazi anamveka akulowa pabalaza mwamphamvu.

"Dadi, ni boza. Sinichita mukonono ine. Ni ambuya bamene bachita, mpaka mawindo yagwedezeka."

"Nibani bakamba za mukonono?" Amenewo anali a Mutinta.

"Ambuya. Balemba apa."

"Leta nione." Pepala linalira. "Iyi kalata yalembewa liti?"

"Manje manje," anayankha apongozi. "Naine sininaione."

"Bwela kuno iwe. Nionese pamene balemba. Awe, osati apo peka. Yambila pamwamba."

Mkwiyo unali utathamangitsa manyazi. Anayamba, liwu ndi liwu, mawu akadali onjenjemera ndi kulira kuja. Pa "wagwidwa" anaima, anabwerera, anadutsa. Atafika pa za mkonono anawerenga mokweza ngati umboni wa kukhoti. Pa "ndinazolowera" anakakamira nthawi yaitali, ndipo palibe anamuthandiza. Ndinamumva akudula timagawo chapansipansi, kamodzi, kawiri, kenako analitulutsa lathunthu. Ine kuseri kwa chitseko ndinali nditaluma chitenje. Mzere womaliza anauwerenga ndi mawu aang'ono kwambiri. Apongozi anatsokomola, koma sikunali kutsokomola kondichenjeza ine.

Ndinamvanso zipi ya chikwama. A Mutinta anatulutsa cholembera chawo chofiira chochongera, analemba kuseri kwa pepala langa, n'kunena kuti, "Peleka kuli ambuya. Usabapase. Ubabelengele."

Luyando anaima pakhomo la khitchini, pepala m'manja onse awiri. Ndinatambasula dzanja, iye anakaniza.

"Bakamba ati nibelenge neka."

Anaika chala pansi pa zilembo zofiirazo, zimene iye kapena ine tinali tisanazionepo, ndipo anayamba pang'onopang'ono. "Amai, ikani madzi a tiyi pamoto. Ndimwe msanga, minibasi ingandisiye." Anaima, anayang'anitsitsa mawu awiri otsala, milomo ikuyenda. Kenako anakweza maso. "Ndibwerera ndekha."

Ketulo ndinaiika pambaula yosayatsa, ndipo inakhala pamenepo mpaka a Mutinta anabwera okha kudzaona chimene chachedwetsa tiyi. Anatipeza tonse awiri titakhala pansi, tikukanganabe kuti wamkonono ndani.

Nkhani ya ku Lusaka inathera pamenepo, Loweruka, pa 11 Januwale, kutatsala masiku awiri kuti Luyando alowe giredi 3.